Ndasalaza mapu, madimba a ku Tsangano asowa. Ma weight ndiwaike bwanji?

Mwana_wa_Tsangano:
Akuluakulu, ndithandizeni, mutu waima. Ndikulemba ntchito yomalizira sukulu yokhudza madimba a mbatatesi m'mbali mwa timitsinje kwathu kuno ku Tsangano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Ndinatenga chithunzi cha setilaiti ya Sentinel-2 cha mwezi wa Julayi, popeza nthawi imeneyo kumtunda kumakhala kutauma, chobiriwira ndi dimba ndi mitengo basi. Ndinawerengera NDVI, nambala yosonyeza kubiriwira kwa zomera imene sipitirira 1, mu pulogalamu ya mapu ya QGIS koma mapu anatuluka amawangamawanga ngati nkhanga. Ondiyang'anira anati ndisalaze ndi chida cha r.neighbors, average, size 5, kutanthauza kuti kabokosi kalikonse ka chithunzi katenge avereji ya windo la mabokosi 5 uku ndi 5 uku, iko kali pakati. Mapu akongoladi, koma pa madimba 23 amene ndinawayendera ndekha ndi GPS, oposa theka asowa. Ngakhale dimba la amayi anga, limene ndinathirira ndi manja angawa, mapu akuti ndi thengo. Wina anandiuza kuti ma weight, manambala onena kuti kabokosi kalikonse kawerengedwe kangati, amathandiza. Ndinaika 1 2 1, 2 4 2, 1 2 1, ndiye NDVI yatuluka 7.05. NDVI inayamba liti kufika 7?

Kabaza_Domue:
7.05? Aise, mbatatesi yakoyo yamera mpaka kumitambo. Utigaireko mbewu.

AnaBanda_GIS:
Achimwene, pulogalamu sinalakwe. Mwina mwasankha sum m'malo mwa average, kapena munachulukitsa nokha n'kuiwala kugawa. Ma weight anuwo mukawaphatikiza akukwana 16. Gawani 7.05 ndi 16, mupeza 0.44. Tatumizani manambala asanu ndi anayi a pamene panatuluka 7.05 paja, tiwerengere pompano aliyense aone.

Mwana_wa_Tsangano:
Zoona achemwali, ndinasiya pa sum. Manyazi andigwira. Manambala ndi awa. Pakatipo ndi dimba la amayi, ndipo kamtsinje kakutsika kuchokera kumpoto kulowera kumwera:

0.20 0.65 0.22
0.18 0.72 0.24
0.21 0.60 0.20

Ndinakhazikitsa kuti chilichonse chopitirira 0.4 ndi dimba.

AnaBanda_GIS:
Chabwino, tiyeni nazo pang'onopang'ono.

Avereji wamba amapatsa kabokosi kalikonse mawu ofanana. Onse asanu ndi anayi akukwana 3.22, kugawa ndi 9 ndi 0.36. Dimba la amayi latsika kuchoka pa 0.72 kufika pa 0.36, lagwera pansi pa 0.4 yanu ija, ndiye lasowa. Chalimeza ndi udzu wouma wa mbali ziwirizo. Mabokosi ouma alipo asanu ndi limodzi, obiriwira atatu okha, ndipo kabokosi ka pakati, kamene nkhani yonse ndi yake, kali ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 9.

Tsopano ma weight anu. M'makona anayi muli 0.83, kuchulukitsa ndi 1. Anayi ogundana ndi ka pakati akukwana 1.67, kuchulukitsa ndi 2 ndi 3.34. Ka pakati 0.72 kuchulukitsa ndi 4 ndi 2.88. Zonse pamodzi ndi 7.05 yanu ija. Kugawa ndi 16 ndi 0.44. Apa ka pakati kali ndi magawo 4 mwa 16, kotala yathunthu, n'chifukwa chake dimba lapulumuka, ngakhale lapulumukira m'kamwa mwa mbuzi.

Ndipo izi ndi za size 3. Inu munayamba ndi size 5. Kabokosi ka Sentinel-2, pa ma band (mitundu ya kuwala) amene NDVI imagwiritsa ntchito, ndi mamita 10. Size 5 ndi mamita 50 uku ndi uku, kotala ya hekitala. Dimba la ku Tsangano lotambalala mamita 50 munaliona kuti? Ambiri ndi kamzere kotsatira madzi. M'mabokosi 25, obiriwira angakhale asanu okha.

Madala_a_Cadastro:
Ndawerenga zonsezi, koma ine sindikukondwa nazo. Mwanawe, wayesa njira imodzi dimba la amayi ako lasowa, wasintha manambala labwera, ndiye ukuti njira yachiwiri ndiyo yabwino? Zimenezi amachita mavenda pa msika wa chimanga, kukhudza sikelo mpaka thumba lilemere mmene akufunira iwo. Ife tinkayeza malo ndi tepi ndi teodolito, nambala ukailemba m'buku yalembedwa. Tsopano 1 2 1 ameneyu wachokera kuti? Bwanji osaika 10 pakatipo kuti amayi akondwe kwambiri?

Kabaza_Domue:
Madala alowa ndi nkhwangwa.

Mwana_wa_Tsangano:
Agogo, sikuti ndikukondera amayi. Dimbalo lilipodi, ndinaimapo ndi mapazi anga.

Madala_a_Cadastro:
Kuti lilipo sindikukana. Ndikufunsa za malo amene sunaimepo. Kumeneko udziwa bwanji kuti ma weight akowo sakusandutsa mtengo wa mango kukhala dimba?

AnaBanda_GIS:
Funso la madala ndi lenileni, tisaliseke. Koma bambo, pali chimodzi chimene ndikutsutsani. Mukuyankhula ngati avereji wamba alibe ma weight. Ali nawo, onse ndi 1. Munthu wosankha avereji wamba wanena kuti kabokosi ka pakona, kamene pa size 5 kali mamita oposa 28 kuchokera pakati, kakudziwa za dimba lija mofanana ndi dimbalo mwini wake. Chimenechonso ndi chigamulo, kungoti pulogalamu imachipereka mwakachetechete. Palibe amene angathawe kusankha.

Za kumene 1 2 1 wachokera: ndi chidule cha Gaussian, mawu amachepa mphamvu mtunda ukamakula. Waldo Tobler analemba mu 1970 ganizo limene aliyense wa mapu amalidziwa, lakuti zinthu zonse zimakhudzana koma zoyandikana zimakhudzana kwambiri kuposa zotalikirana. Mlimi aliyense amadziwa zimenezi popanda buku, chiwawu chikagwa m'dimba la mnzako wa m'malire, iwe sugona tulo, koma chikagwa ku Ulongué umangomva.

Koma ma weight amabwera ndi mtengo wake. Cholinga cha kusalaza n'kuchotsa mawanga aja. Ndi avereji wamba uli ngati wafunsa mboni 9. Ndi 1 2 1, popeza wina akuyankhula kanayi, masamu ake amasonyeza kuti uli ngati wafunsa mboni 7 zokha: 16 kuchulukitsa ndi 16 ndi 256, kugawa ndi 36, amene ndi ma weight onse aliyense atachulukitsidwa ndi mwini wake. Mukaika 10 pakati monga akunenera madala, mboni zimacheperachepera mpaka mwabwerera ku mapu ankhanga aja. Ndiye simungakwere pawiri, mukasunga tizinthu ting'onoting'ono, mawanga enanso atsala.

Mlangizi_Furancungo:
Ine funso langa ndi lina. Akusalazirani chani? Mawanga amene mukuwadawo mwina ndi madimba enieniwo. Kuno ku Macanga ndinaonapo mapu a nazale za fodya atasalazidwa mpaka nazale zonse zinatha, chonsecho ntchito inali yowerenga nazalezo. Mapu anakongola, anawapachika pakhoma mu ofesi, koma sanatithandize kalikonse. Nthawi zina mabwana amangofuna mapu osalala ngati nsima ya ufa woyera.

Chiuta_Mvula:
Bwanji osayesa median? Ife tinaphunzira kuti median sachita mantha ndi nambala imodzi yopenga.

Zobue_Boda:
@Chiuta_Mvula tandandalikani manambala a mnyamatayu muone. 0.18, 0.20, 0.20, 0.21, 0.22, 0.24, 0.60, 0.65, 0.72. Wapakati ndi 0.22. Median wakuphera dimba kuposa avereji. Kwa median, kamzere kopyapyala ndiko nambala yopengayo.

Chiuta_Mvula:
Eee, ndagonja. Ndinayankha ndisanawerenge.

Kabaza_Domue:
Koma anthuni, "weight" m'Chichewa n'chiyani? Ife kusukulu timati peso. Ndikafotokozera agogo anga ndinene kuti kabokosi kakulemera?

Mlangizi_Furancungo:
Auzeni za pabwalo. Mlandu wa malire a munda ukabwera kwa amfumu, onse amayankhula, koma mawu a mwini munda ndi a oyandikana naye salingana ndi a munthu wodutsa wa kumudzi wina. Peso ndi kulemera kwa mawu.

Madala_a_Cadastro:
Ndipo pabwalo pomwepo timadziwa kuti mwini munda akapatsidwa mawu ochuluka, malire amasuntha usiku.

Kabaza_Domue:
Kkkkk madala sagonja. Mwa njira, amene wadutsa pa Lizulu sabata ino, thumba la mbatatesi likuyenda bwanji? Malume akufuna kukolola koma akuopa kutaya.

Zobue_Boda:
Funsa ku gulu la msika aise, kuno tikupha madimba ndi masamu.

Mwana_wa_Tsangano:
Pepani ndinasowa, magetsi anathima ndipo ma mega anandithera pokopera chithunzi china. Ndaona zonse. Tsopano ndapeza vuto lachiwiri. Ndinayesanso kuchita ndekha popanda r.neighbors, kuchulukitsa n'kugawa ndi 16. M'mbali monse mwa malire ndi Malawi mwatuluka mzere wakuda, ngati anthu a m'malire salima. Chonsecho kumeneko ndiye kuli madimba ambiri.

AnaBanda_GIS:
Munadula chithunzi ndi malire a Tsangano musanasalaze, eti? Ndiye mabokosi a tsidya la Ntcheu anasanduka opanda kanthu, ndipo m'kuwerengera kwanu analowa ngati 0, inu n'kumagawabe ndi 16. Tiyerekeze kuti paliponse NDVI ndi 0.6. Kabokosi ka m'malire kataya anansi atatu a mbali imodzi, a ma weight 1, 2, 1. Atsala 12 mwa 16, ndiye 0.6 watsika kufika 0.45. Pakona potsala mabokosi anayi okha, 4, 2, 2 ndi 1, atsala 9 mwa 16, ndipo 0.6 wasanduka 0.34. Mzere wakuda uja ndi umenewo. Sikuti kulibe mbewu, mwagawa ndi anthu amene sanabwere kumsonkhano.

r.neighbors pa average imadumpha mabokosi opanda kanthu n'kugawa ndi ma weight a okhawo amene alipo, ndiye mzerewo suoneka. Komabe yankho la pamenepo limakhala lochokera mbali imodzi. Njira yabwino n'kusalaza chithunzi chikadali chachikulu, kudula pambuyo. Setilaiti sidziwa kuti pali malire, ndipo kamtsinje sikafunsa pasipoti. Chimodzimodzi pamene mwachotsa mitambo, m'mphepete mwa dzenje lililonse muziyang'anamo kawiri.

Zobue_Boda:
Zimenezi zinandionekera ine ndi mapu a anthu. Tinkafuna kudziwa malo oyenera mijigo, ndinatenga WorldPop ya mamita 100, n'kuwerengera sum ya anthu ozungulira kabokosi kalikonse. Ndinaika ma weight ochepa kwa akutali chifukwa mayi wosenza ndowa sayenda mtunda wautali ngati pali chitsime pafupi. Mpaka apo zinali bwino. Kulakwa kwanga, ndinalemba m'lipoti kuti "anthu 412 apindula". Mkulu wina anandifunsa kuti anthu ake ndi ati, tiwatchule. Ndinasowa chonena, chifukwa munthu wa kutali ndinamuwerenga ngati theka la munthu, wina kotala. Sum yokhala ndi ma weight si chiwerengero cha anthu, ndi muyeso wongofananitsira malo awiri. Mnzanga wina anachita choposa, anaphatikiza mabokosi onse a mapu osalazidwa ndi sum aja, n'kupeza anthu ochuluka kuposa a chigawo chonse cha Tete. Munthu mmodzi anawerengedwa m'mawindo onse amene anagweramo.

Chiuta_Mvula:
Poti tikuulula machimo, nanenso. Ndinasalaza mapu a ESA WorldCover ndi average. Mmenemo 10 ndi mitengo, 30 ndi udzu, 40 ndi minda, 50 ndi nyumba. Pamene mudzi wagundana ndi nkhalango panatuluka 30, mapu n'kumati pali dambo la udzu lozungulira mudzi wonse. Ndinakhala masiku awiri ndikudabwa.

AnaBanda_GIS:
Manambala amenewo ndi mayina chabe, sawerengeredwa avereji. Pamenepo ndi pa mode, gulu limene lachuluka. Ndipo ma weight amagwiranso ntchito pa mode: mukapatsa ka pakati mavoti atatu kapena anayi, timidzi ting'onoting'ono sitimezedwa msanga ndi minda yozungulira. Koma dziwani kuti si njira zonse zimene zimamva ma weight. Mu r.neighbors, pa minimum, maximum, diversity ndi interspersion, pulogalamu imangoona ngati weight ndi 0 kapena ayi. Wa 0 watuluka, ena onse alowa mofanana. Mukaika 4 kapena 400, wamkulu ndi wamkulu basi. Mu pulogalamu ina ya ArcGIS, Focal Statistics ndi neighborhood ya Weight imalola mean, standard deviation ndi sum.

Mlangizi_Furancungo:
Ndabwerera ku manambala a mnyamata uja. Obiriwira atatu aja ali mumzere umodzi, kutsatira madzi. Bwanji osapatsa mawu a mumzerewo okha? 0 1 0, 0 2 0, 0 1 0. Ndawerengera pa foni: 0.65 kuphatikiza 1.44 kuphatikiza 0.60 ndi 2.69, kugawa ndi 4 ndi 0.67. Dimba latsala lonse, ndipo mwasalazabe.

Madala_a_Cadastro:
A Mlangizi, mitsinje ya ku Tsangano yonse imayenda kuchokera kumpoto kupita kumwera? Kamtsinje kakakhota kulowera kuzambwe, ma weight anuwo atenga udzu wa kumtunda ndi wa kumunsi n'kusiya madimba a m'mbali. Mupulumutsa dimba la amayi ake n'kupha la azakhali ake kuseri kwa phiri.

Mlangizi_Furancungo:
Apo mwandigwira bambo. Zingagwire pa chigwa chimodzi chokha.

AnaBanda_GIS:
Madala alondola. Pa dera lamapiri ngati limenelo, ma weight akhale ofanana mbali zonse, pokhapokha chimene mukuyeza chili ndi mbali yake yodziwika, monga utsi kapena fumbi lotsatira mphepo ya mwera.

Koma bambo, poti mumakonda za kutsetsereka kwa malo, ndikuuzeni kanthu. Mapu a slope amene mumatipempha kawirikawiri aja, ochokera ku SRTM, muyeso wa kukwera kwa malo wa mu February 2000, mkati mwake muli 1 2 1 yemweyu. Njira ya Horn ya mu 1981, imene pulogalamu ya gdaldem imagwiritsa ntchito mukapanda kusankha ina, imatenga mabokosi atatu a kum'mawa n'kuchotsera atatu a kuzambwe, wapakati pa atatuwo n'kumuwerenga kawiri, kenako chimodzimodzi kumpoto ndi kumwera. Njira ya Zevenbergen ndi Thorne ya mu 1987 imasiya makona onse, imatenga anansi anayi okha. N'chifukwa chake anthu awiri a DEM imodzi (mapu a kukwera kwa malo) amatha kubweretsa slope yosiyana pa phiri la Dómuè lomwelo, ndipo palibe wanama.

Onaninso kuti pamenepo ma weight ena ndi ochotsera, ndiye onse pamodzi amakwana 0. Mtundu umenewo sugawidwa ndi chiphatikizo chake, ndipo sufunsa kuti "pano pali zingati", umafunsa kuti "pano pasiyana bwanji ndi pozungulira". Pa manambala a achimwenewa, 4 pakati ndi -1 kwa anansi anayi zikupereka 2.88 kuchotsa 1.67, ndiye 1.21. Pa thengo lofanana paliponse pangatuluke pafupifupi 0. Kwa munthu wosaka timizere ta madimba, mwina funso limeneli ndi labwino kuposa avereji.

Madala_a_Cadastro:
Ndiye mwakhala mukundidyetsa 1 2 1 zaka zonsezi osandiuza? Chabwino mayi. Koma mfundo yanga ikadalipo. Horn analemba ma weight ake poyera, aliyense atha kuwaona. Mwanayu achite chimodzimodzi, ndipo asasankhe poyang'ana dimba limodzi. Apite akatenge malo amene akudziwa kuti SI madimba, makamaka mitengo ya mango, bulugamu ndi mabango, ayese njira zonse pa malo omwewo. Ikapambana 1 2 1 ndidzavula chipewa.

Kabaza_Domue:
Aise ndikuperekeza pa njinga yamoto Loweruka, mafuta ndi ako.

Chiuta_Mvula:
Funso lapambali. Pa CHIRPS, mvula, ndingasalazenso ndi 1 2 1?

Zobue_Boda:
Kabokosi ka CHIRPS n'koposa makilomita 5. Size 3 ndi makilomita oposa 16. Kuno ku Zóbuè mtunda umenewo wakuchotsa pamwamba pozizira n'kukutsitsira kotentha kolowera ku Moatize. Manambala a ma weight ndi omwewo koma nkhani yake ndi ina. Muziyamba mwafunsa kuti windo lanu ndi mamita angati pansi, osati mabokosi angati pa kompyuta.

Mwana_wa_Tsangano:
Ndabwerako akuluakulu. Ine ndi Kabaza tinatenga malo 20 amene si madimba, monga ananenera agogo. Ndasalaza chithunzi chisanadulidwe, mzere wakuda uja watha. Malire a NDVI ndasiya pa 0.4 pa njira zonse.

Size 5 wamba wapeza madimba 11 mwa 23, sananamizire malo ngakhale amodzi. Size 3 wamba wapeza 15, wanamizira amodzi. 1 2 1 wapeza 19, wanamizira awiri, onse ndi mitengo ikuluikulu ya mango. Osasalaza konse ndapeza 21, koma malo asanu ndi limodzi onama.

Awiri amene sakuoneka ngakhale osasalaza ndinawayeza ndi mapazi, sakufika mamita 6 m'lifupi. Kabokosi kamodzi ka mamita 10 kasakaniza kale mbatatesi ndi udzu, ndiye palibe weight imene ingawabweze.

Madala_a_Cadastro:
Chipewa ndavula theka. Malo 43 ndi ochepa, ndipo onse ndi a kufupi ndi kwanu kumene njinga inafika. Ulembe zimenezo m'ntchito yakoyo, ndipo ma weight asanu ndi anayiwo uwaike pansi pa mapu penipeni, pafupi ndi sikelo, osati kumapeto kumene sawerenga munthu.

AnaBanda_GIS:
Mango awiriwo musalimbane nawo ndi ma weight. Tengani chithunzi china cha nthawi imene mbatatesi yakololedwa, muchotsere. Mango adzakhala obiriwirabe, dimba lidzatsika. Amayi akolola liti?

Mwana_wa_Tsangano:
Akuti kumapeto kwa Ogasiti, koma akangokolola abzalamo kabichi.

AnaBanda_GIS:
Ndiye muli ndi masabata awiri kapena atatu kabichiyo asanatseke nthaka. Sentinel-2 imadutsa masiku asanu alionse, ndipo nyengo imeneyo mitambo sivuta kwenikweni, chovuta ndi utsi wa moto wa m'tchire. Muwafunse tsiku lenileni limene akumbe, mulilembe.

Kabaza_Domue:
Ndipo uwauze kuti woyendetsa njinga uja amalandira malipiro a mbatatesi, ndowa imodzi yodzaza bwino.